Mbiri ya Dotolo William Osler

Iwo amene anagonekedwapo m'cipatala cacikuru adziwa mwambo wa mamawa. Dzuwa litakwera pang'ono dotolo wamkuru alowa m'cipinda ca odwala, pambuyo pace adotolo ang'ono, ophunzira ndi anamwino. Aima pa kama woyamba, ndipo mmodzi wa anyamatawo afotokoza za wodwalayo, m'mene anagonera usiku, kutentha kwa thupi lace, ndi zimene zinaoneka m'mwazi wace. Atatha apo asendera pa kama wina, kufikira atatsiriza onse. Ndipo pakati pa usiku, wodwala akabvutika, namwino aitana dotolo amene agona pomwepo pa cipatala. Ambiri a ife tiyesa kuti zinthu izi zinali comweci ciyambire, koma si tero iai. Mwezi uno tifuna kusimbira awerengi athu mbiri ya munthu amene anagwira nchito yaikuru pa kukhazika mwambo umenewu, ndiye William Osler.

Anabadwa pa 12 Julayi 1849 pa kamudzi kochedwa Bond Head, m'dziko la Canada, kumene masiku amenewo kunali nkhalango ndi mphanje za anthu ongofika kumene. Atate wace, Featherstone Osler, anayamba ali mkuru wa pa zombo za nkhondo za England, nasiya nchitoyo, nakhala mbusa. Ndipo ku Canada amayenda pa kavalo maulendo atali kufunafuna Akristu obalalika m'chire. Amace, Ellen, anabala ana asanu ndi anai, William ndiye wacisanu ndi citatu, ndipo mai ameneyu anakhala ndi moyo kufikira zaka 100.

Mnyamatayo sanali wofatsa. Ku Dundas, kumene banja linasamukira m'caka ca 1857, aphunzitsi anamcotsa sukulu cifukwa ca ciphwete cace, ndipo nthabwala sizinamcoke m'kamwa kufikira ukalamba. Koma pa sukulu ina ku Weston anakomana ndi mbusa W. A. Johnson, munthu wokonda zolengedwa, amene anali ndi maikulosikopu, ndilo galasi lokuza tinthu tosaoneka ndi maso. Mbusayo amatenga anyamata kunka nao kukatunga madzi a m'zithaphwi, nawaonetsa tamoyo tosambira m'dontho limodzi. Pamenepo mtima wa William unagwidwa. M'caka ca 1867 analowa Trinity College ku Toronto kuti aphunzire za ubusa monga atate wace, koma citapita caka cimodzi anatembenukira ku udotolo, pokopedwa ndi dotolo James Bovell, bwenzi la Johnson. Anasamukira ku sukulu ya McGill ku Montreal m'caka ca 1870, natsiriza 1872. Pamenepo anaoloka nyanja, nakhala zaka ziwiri ku London, Berlin ndi Vienna, alikupenyetsetsa m'mene zipatala za kumeneko ziyendera.

Atabwerera ku Montreal m'caka ca 1874 anampatsa uphunzitsi, ali ndi zaka 25 zokha. Nthomba inali itabuka m'mudzimo, ndipo iye anabvomera kusunga cipinda ca odwala nthomba pa Montreal General Hospital, nchito imene ambiri anaiopa. Nthendayo inamgwira iyenso, koma pang'ono. Ndipo ndalama zimene analandira pa nchitoyo anagulira ophunzira ace magalasi aja kucokera ku Paris. Pa cipatala comweco anayamba kutumbula mitembo ya akufa ndi nthenda, mazana ambiri, nalemba zonse m'mabuku. Tidziwa kuti mau awa alemera m'makutu a ena, koma tilingalire cifukwa cace. Dotolo akamva phokoso lacilendo m'cifuwa ca munthu wamoyo, angoganizira cabe cimene ciri m'katimo. Koma munthuyo akafa, dotolo naona ndi maso ace cimene cinapanga phokosolo, tsiku lina akalimvanso pa wodwala wina adzalizindikira msanga. Nzeru zambiri za Osler zinacokera pa kulinganiza zimene anamva pa kama ndi zimene anaona m'nyumba ya mitembo. M'caka ca 1884 anaitanidwa ku University of Pennsylvania ku Philadelphia, nacita comweco pa cipatala cacikuru ca aumphawi cochedwa Blockley.

Tsono kuti timvetse cimene anacita pambuyo pace, tiyenera kuona m'mene zipatala za ku America zinaliri masiku amenewo. Cipatala cinali nyumba ya aumphawi. Wacuma akadwala amagona kwao, dotolo namdzera komweko. Adotolo akuru a m'mudzi anali ndi odwala ao akunja amene amawalipira, ndipo ku cipatala amangofikako ngati alendo, ora limodzi kapena awiri, kawirikawiri osalandira kanthu, nasinthana patapita miyezi yowerengeka. Wodwala wogona nthawi yaitali amaona nkhope iyi mwezi uno, mwezi wina nkhope ina, ndipo dotolo ali yense amadza ndi maganizo ace ndi mankhwala ace. Usana wonse ndi usiku odwala amatsala m'manja a mnyamata wongotsiriza kumene sukulu, amene amakhala caka cimodzi kapena kuposa pang'ono. Pamene ayamba kudziwa nchito, nthawi yace yocoka yakwana. Masukulu ambiri a udotolo nawonso anali acabe. Ophunzira amakhala pansi kumvera mphunzitsi miyezi inai kapena isanu, caka cinzace namvanso mau omwewo, nalandira kalata. Munthu amakhoza kuchedwa dotolo asanaikepo khutu pa cifuwa ca wodwala, asanaonepo mkazi alikubala.

Ku Baltimore kunali munthu wamalonda wacuma cambiri, wosakwatira, dzina lace Johns Hopkins. Pomwalira iye m'caka ca 1873 anasiya madola 7 miliyoni, theka lomangira sukulu yaikuru, theka lomangira cipatala. Kumangako kunacedwa, ndipo cipatala cinatsegulidwa pa 7 Meyi 1889. Osler, wa zaka 39, ndiye anakhala dotolo wamkuru wa nthenda za m'kati mwa thupi. Anzace anali William Welch wosanthula magwero a nthenda, William Halsted wa nchito ya mpeni, ndi Howard Kelly wa nthenda za akazi. Apa Osler anapeza munda watsopano wopanda zitsa za miyambo yakale, nadzala monga anafuna.

Kusinthana kwa alendo kuja kunathetsedwa. Cigawo ciri conse ca cipatala cinakhala ndi mkuru mmodzi caka conse, amene mlandu wa odwala onse a m'cigawoco unali pa mutu pace. Pansi pa mkuruyo Osler anaika adotolo acinyamata okhala m'cipatala momwemo, kudya momwemo ndi kugona momwemo, osakwatira, ndi opanda odwala ena kunja owacotsa mtima. Sanali ofanana msinkhu: kunali angapo ongoyamba, ocepa okhalitsa pang'ono, ndi mmodzi pamwamba pao amene amayang'anira zonse pamene mkuru palibe. Nthawi yao yocoka siinaikidwe. Woyamba pa mpando umenewo anali Henri Lafleur wa ku Montreal. Womtsata, William Thayer, anakhala zaka zisanu ndi ziwiri, kuyambira 1891 kufikira 1898. Osler sanatulukire zonsezi yekha. Ku Germany anaona aphunzitsi akuru ali ndi othandiza okhala nao zaka zambiri, ndipo ku Britain anaona ophunzira alikugwira nchito m'zipinda za odwala. Nzeru yace inali kulumikiza ziwirizo pamodzi, ndi kuzidzala m'dziko limene linalibe.

Kapena wina adzafunsa, phindu la dotolo wogona pa cipatala nciani, popeza masiku amenewo mankhwala ociritsa anali owerengeka? Yankho lace tiliona pa nthenda ya taifodi, imene inadzaza makama a ku Baltimore caka ndi caka cifukwa ca madzi oipa. Nthenda imeneyi imgoneka munthu masabata atatu kapena anai, ndipo mankhwala oipha panalibe. Wodwala amasungidwa ndi cakudya cofewa ndi kumsambitsa madzi ozizira thupi likatentha kwambiri. Koma coopsa cace ndi ici, kuti zironda za m'matumbo nthawi zina zimaboola, zoipa nizitayikira m'mimba; ndipo izi zikacitika usiku, dotolo wofika mawa masana apeza munthu alikutsirizika. Osler analamulira anyamata ace kuti azipenya odwala otere kosaleka, ndi kuti akaona kupweteka kwadzidzidzi m'mimba ndi kusinthika kwa kugunda kwa mtima, aitane a nchito ya mpeni nthawi yomweyo, osadikira kuca. Motero ena amene akadafa anasokedwa matumbo, nacira. Akuru athu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo dotolo wa odwala ogona ndi munthu wodekha cotero, wodziwa m'mene wodwala analiri dzulo, kotero kuti kusinthika kwakung'ono kwa lero sikumpitirira.

Za malungo tinene pang'ono, popeza ndiyo nthenda imene ife tiidziwa bwino. M'caka ca 1880 dotolo wa ku France, Alphonse Laveran, anaona kacirombo ka malungo m'mwazi wa munthu ku Algeria, koma ambiri sanamkhulupirire, ndipo Osler yemwe anayamba ndi kukayika. M'caka ca 1886, ali ku Philadelphia, anakhala masiku ambiri pa galasi alikuyesa mwazi wa odwala, naona yekha kuti Laveran ananena zoona, nabvomera poyera. Cifukwa cace ku Baltimore anaika lamulo kuti munthu asachedwe wodwala malungo mwazi wace usanapimidwe. Adotolo ambiri masiku amenewo amasokoneza malungo ndi taifodi, napatsa kwinini munthu ali yense wotentha thupi, ndipo Osler anadzudzula cizolowezi cimeneci kolimba. Anyamata ace okhala m'cipatala ndiwo anali ndi nthawi ya kupima mwazi usana ndi usiku: m'caka ca 1895 Thayer ndi mnzace John Hewetson anafalitsa zimene anaona pa odwala malungo 616. Comweconso Lafleur ndi William Councilman m'caka ca 1891 analongosola mtundu wina wa kamwazi umene udza ndi kacirombo kochedwa amiba, nausiyanitsa ndi mitundu ina.

Sukulu ya udotolo inatsegulidwa m'caka ca 1893. Ndalama zinali zitaperewera, ndipo mai wina wacuma, Mary Garrett, anapereka zotsalazo, koma anapangana nao kuti akazi alandiridwe monga amuna, ndi kuti wolowa ali yense akhale atatsiriza kale maphunziro apamwamba. Ophunzira a caka cotsiriza Osler anawacotsa pa mipando ya m'kalasi, nawalowetsa m'zipinda za odwala. Ali yense amapatsidwa makama ace owerengeka. Iye ndiye amafunsa wodwala mbiri ya nthenda yace, nampima thupi, nayesa mwazi ndi mkodzo, nalemba tsiku ndi tsiku, alikuyang'aniridwa ndi adotolo okhala m'cipatala aja. Osler akafika mamawa, wophunzirayo amaima pa kama nafotokoza pamaso pa onse. Mphunzitsiyo amawaletsa kufulumira kugwira wodwala: ayambe apenya, pamenepo akhudze, agogode, amvetsere, ndipo koposa zonse amleke wodwala anene yekha, pakuti m'mau ace kawirikawiri muli dzina la nthenda yace. Loweruka madzulo amawaitana kunyumba kwace, nakhala nao pa gome kukambirana za odwala a sabata imeneyo ndi za asing'anga akale. Iye mwini anayesa nchito iyi ya kuphunzitsa pa kama yoposa zina zonse anazicita, nafuna kuti akumbukiridwe nayo.

Tisaiwale anamwino. Sukulu yao inayamba pa cipatala comweco m'caka ca 1889, woyang'anira wace Isabel Hampton. Ndipo kusambitsa kuja, kudyetsa, ndi kulemba kutentha kwa thupi usiku wonse, zinali m'manja mwao. Popanda iwo dotolo wogona pa cipatala sakadadziwa nthawi ya kudzuka.

Odwala anamkonda Osler cifukwa amalowa ndi nkhope yosekera, nakhala pambali pa kama, nawachula maina. Pa mankhwala anali wouma dzanja. Anakhulupirira owerengeka okha, monga kwinini wa malungo, dijitalisi wa mtima ndi mofini woletsa ululu, ndipo za ena ambiri ananena poyera kuti alibe nchito. Kunena zoona kumeneku kunalowa m'buku lace lalikuru, The Principles and Practice of Medicine, limene analemba m'cipinda ca mmodzi wa anyamata a m'cipatala, nalifalitsa m'caka ca 1892. Bukulo linatembenuzidwa m'zinenero zambiri, ndi Cichaina comwe. M'caka ca 1897 Frederick Gates, mlangizi wa John D. Rockefeller, analiwerenga lonse, nazizwa poona kucuruka kwa nthenda zopanda mankhwala. Ndipo kucokera pa kuzizwa kumeneko kunabadwa Rockefeller Institute m'caka ca 1901, nyumba ya kufunafuna magwero a nthenda. M'caka comweco ca 1892 Osler anakwatira Grace Revere Gross, mkazi wamasiye wa dotolo mnzace wa ku Philadelphia. Mwana wao woyamba anamwalira ali wakhanda. Waciwiri, Revere, anabadwa 1895.

Sitifuna kumjambula munthuyu ngati wopanda banga. Buku lace linapitiriza kulangiza kukhetsa mwazi wa odwala cibayo ena, cinthu cimene adotolo anacileka popeza cilibe thandizo. Mwambo wa okhala m'cipatala unali wolemetsa: anyamata amagwira nchito osagona mokwanira, ndipo ambiri amatsika pa makwerero asanafike pamwamba, kunali m'caka ca 2003 pamene ku America anaika malire a maora 80 pa sabata. Ndipo pali cina cotikhudza ife. Johns Hopkins analamulira kuti cipatala cace cilandire aumphawi osayang'ana khungu, ndipo anthu akuda analandiridwadi; koma posacedwa anawagoneka m'zipinda zapadera, ndipo tsankho limeneli linatha zaka zambiri Osler atamwalira. Ophunzira akuda oyamba anatsiriza udotolo pa sukuluyo m'caka ca 1967. Osler mwini, polankhula ku London m'caka ca 1914, anafuna kuti Canada likhale dziko la Azungu. Munthu amene anaphunzitsa kupenyetsetsa wodwala ali yense, pa ici anapenya monga anzace a mbadwo wace.

Anyamata ophunzitsidwa ku Baltimore anabalalika nakhala aphunzitsi m'masukulu ena, natenga mwambowo kunka nao, kufikira unakhala njira ya kuphunzira udotolo ku America konse. Koma m'zipatala zambiri zosaphunzitsa, dotolo wa kumudzi anapitiriza kutsata wodwala wace ku cipatala, kumuona mamawa, ndi kubwerera ku nchito yace yakunja. Kunali m'caka ca 1996 pamene adotolo awiri a ku San Francisco anapatsa dzina lakelake kwa adotolo okhwima amene nchito yao yonse ndiyo kusunga odwala ogonekedwa, ndipo kuyambira pamenepo ciwerengero cao cinakula msanga. Mtsutso wace ngwakale: dotolo wa kumudzi adziwa munthuyo ndi banja lace, koma sakhala pafupi; wa m'cipatala akhala pafupi, koma akomana ndi munthuyo ali mlendo.

Zaka za ku Baltimore zinamtopetsa Osler, pakuti odwala acuma amamuitana kucokera kutali, ndipo m'caka ca 1904 anabvomera mpando wa mphunzitsi wamkuru wa udotolo ku Oxford, m'dziko la England. Potsazika ananena kuti nchito zazikuru zicitidwa ndi anthu osafika zaka 40, ndi kuti a zaka 60 ayenera kupumula, naonjeza nthabwala ya m'buku lina lopeka za kugoneka okalamba ndi mankhwala. Manyuzi anaitenga nthabwalayo ngati uphungu weniweni, ndipo makalata aukali anamgwera ngati matalala. Ku Oxford nyumba yace inali yosatseka khomo kwa ophunzira ndi alendo, ndipo m'caka ca 1911 Mfumu inampatsa ulemu wa Sir. Amasimba za kamnyamata kodwala cifuwa cokoka mtima kamene kanakana kudya. Osler anafikako ali pa ulendo wa ku mwambo wa sukulu, atabvala mwinjiro wace wofiira. Anasenda cipatso, nacidula, nathira shuga, namdyetsa kamodzikamodzi. Poona kuti mwanayo anadya cifukwa ca kuzizwa ndi cobvalaco, anabwera tsiku ndi tsiku masabata angapo, nabvala mwinjirowo pakhomo asanalowe, kufikira mwanayo anacira.

Nkhondo yaikuru itayamba m'caka ca 1914 anayendera zipatala za asilikali, nalimbikira kuti asilikali alandire katemera wa taifodi. Revere analowa gulu la mizinga. Pa 29 Ogasiti 1917 anabvulazidwa koopsa pafupi ndi Ypres m'dziko la Belgium, ndipo Harvey Cushing, dotolo amene anali mnansi wao ku Baltimore, anali pafupi, nathamangirako. Koma mnyamatayo anamwalira m'mawa mwace, wa zaka 21. Atate wace anapitiriza nchito ndi nkhope yomwe ija, koma a m'nyumba amamumva alikulira usiku, ndipo thupi lace linayamba kuonda.

Kumapeto kwa Sepitembala 1919, pobwera ku Scotland, anapeza anchito a njanji ataleka nchito, nayenda ulendo wautali pa galimoto kucokera ku Newcastle m'nyengo yozizira. Anafika kwao ndi cifuwa, cimene cinasanduka cibayo, ndipo mafinya anasonkhana m'nthiti. Anagona pafupifupi miyezi itatu, alikutsata mayendedwe a nthenda yace monga amacitira ndi odwala ena, nadziwiratu kumene idzathera. Adotolo anamboola kuti acotse mafinyawo, koma pa 29 Disembala 1919 anamwalira, wa zaka 70. Monga anapempha yekha, mtembo wace unatumbulidwa m'nyumba mwace momwemo kuti adotolo aone cimene cinamupha. Pa maliro ace ku Christ Church anaika pa bokosi buku la Thomas Browne lochedwa Religio Medici, limene anagula ali mnyamata ku Toronto. Cushing analemba mbiri ya moyo wace m'mabuku awiri, naifalitsa 1925. Mabuku ace a udotolo, zikwi zingapo, Osler anawasiyira sukulu ya McGill. Anawaolotsa nyanja, ndipo nyumba yosungiramo inatsegulidwa m'caka ca 1929. Phulusa la mtembo wace, pamodzi ndi la mkazi wace amene anamwalira 1928, linaikidwa m'nyumba yomweyo pakati pa mabukuwo.